Kusoka chikopa pamanja: poyambira, ndi pamene ambiri amakakamira

Funso limabwera lofanana nthawi zonse: "Ndikufuna kuyamba kusoka zinthu zachikopa, ndigule zida ziti, nanga mu Lilongwe muno zimapezeka pati?" Ena amanditumizira chithunzi cha bokosi lodzaza zida chimene aona pa intaneti n'kufunsa ngati aitanitse. Ndaganiza zolemba yankho kamodzi kuti wina akadzafunsanso ndidzangomupatsa awerenge yekha. Bokosilo musaitanitse kaye. Zida zambiri zili m'menemo simudzazigwira, ndipo zitatu zimene mungazifune zimabwera zobuntha.

Tipanga kachikwama ka makadi, koikamo chiphaso cha unzika, khadi la kubanki ndi laisensi. Ndasankha kameneka chifukwa sikadya chikopa chambiri, komanso kali ndi ntchito zonse zimene mudzakumane nazo pa lamba, pa chikwama chachikulu kapena pa chimake cha mpeni: kudula, kumata, kuboola, kusoka ndi kusalaza m'mphepete.

1. Dziwani kaye chikopa chimene mwagwira

Chikopa cha mbuzi imene munapha pa Khirisimasi n'kuchiyanika padenga si chimene tikunena pano. Chimenecho n'chouma chabe, cha ng'oma kapena mpando. Chikanyowa chimafewa n'kuyamba kununkha, chikauma chimalimbanso gwa. Chosokera chimayenera kukhala chofufutidwa, kutanthauza kuti chanyikidwa m'mankhwala amene amachisintha kuti chisawole.

Kufufuta kuli mitundu iwiri ikuluikulu. Wina ndi wa makungwa a mitengo, umene ogulitsa amautcha veg-tan. Makungwa amene amagwiritsidwa ntchito kwambiri kuchigawo chathu chino ndi a mtengo wa wattle, umene unachokera ku Australia ndipo umalimidwa kwambiri ku South Africa komanso ku Njombe m'dziko la Tanzania. Kufufuta kotere kumatenga masabata, nthawi zina miyezi. Chikopa chake chimakhala cholimba, chofiirira motuwa, chimamwa madzi, ndipo m'mphepete mwake mumasalala mukamukhula. Mtundu wina ndi wa chrome, wa mankhwala a kufakitale, umene unafala kuchokera pamene Augustus Schultz analembetsa njira yake ku America mu 1884. Umatha m'masiku ochepa, n'chifukwa chake zikopa zambiri za nsapato, majekete ndi mipando padziko lonse ndi za chrome. Chimakhala chofewa, chamitundu yowala, koma kwa wongoyamba kumene chimavutitsa: chimatamuka podula ndipo m'mphepete mwake simusalala ngakhale mutakhula tsiku lonse.

Kuzisiyanitsa sikuvuta. Dulani kachidutswa muone pakati pake. Cha chrome nthawi zambiri chimaonetsa kamzere kotuwa mobiriwira pakati, cha makungwa chimakhala chofiirira monsemo. Dontheza madzi pa cha makungwa chosapakidwa kanthu, amalowa pomwepo n'kudetsa malowo, ndipo mukakanikiza chikhadabo pamene panyowapo chizindikirocho chimatsala. Pali chachitatu chimene si chikopa n'komwe, pulasitiki womatidwa pa nsalu amene okonza mipando amamutcha rexine. Chitembenuzeni, kumbuyo muona ulusi wolukana.

Kogula kwake, njira yachidule ndiyo kufunsa amene amachigula kale. Pitani kwa opanga masandasi ndi malamba ku Old Town, mugule kanthu kapena musoketse nsapato, kenako mufunse mwaulemu kuti, "Bambo, chikopa chotere mumachipeza kuti, ndipo zodulira zanu zotsala mungandigulitseko?" Zotsalazo ndiye sukulu yanu. Kwina ndi pa kaunjika ku Tsoka: chikwama chakale chachikopa chenicheni chimene zipi yake inafa chimatsika mtengo, koma chikopa chake chimakhala chidakali ndi moyo. Malamba akale okhuthala nawonso ndi abwino pophunzirira kuboola.

Mukafika pogula chikopa chachikulu, chimayezedwa pa sikweya futi, malo a masentimita pafupifupi 30 mbali zonse. Kukhuthala kwake ena amatchula mamilimita, ena ma ounce, ndipo ounce imodzi ndi mamilimita 0.4. Kachikwama kathu kakufuna cha mamilimita 1.2 kapena kuposerapo pang'ono, pamene lamba amafuna cha 3 mpaka 4. Chiyang'aneni padzuwa musanalipire. Zipsera za nkhupakupa ndi zokandidwa ndi minga zilibe vuto kwenikweni, ena amazikonda. Choopsa ndi mabala a mpeni a kumbuyo amene wosenda anasiya, chifukwa pamenepo chikopa chapyapyala ndipo chidzang'ambika. Mbali ya kumsana ndi yolimba, ya kumimba ndi yotamuka. Ya kumimbayo isungireni zophunzirira.

2. Zida zimene mukufunikadi

Mpeni wa malezala othyola umene amagulitsa m'mahadiweya, ndi malezala ena apadera. Rula yachitsulo. Thabwa lapulasitiki lodulirapo nyama kukhitchini, limene silibwereranso kukhitchiniko. Kampasi ya m'seti ya masamu ya ana asukulu. Singano ziwiri zazikulu zobuntha. Ulusi wopaka phula wa mamilimita 0.6 kapena 0.8. Phula la njuchi, limene ogulitsa uchi amakhala nalo. Guluu wa nsapato, wachikasu wonunkha uja. Sandipepa ya nambala 240, 400, 600 ndi 1000. Yosalalayo funsani kumene amagulitsa penti wa galimoto. Kansalu ka jinzi yakale. Ndipo choboolera, chimene chili ndi gawo lakelake m'munsimu.

Singano zosokera chikopa zilibe nsonga yakuthwa chifukwa ntchito yake si kuboola, n'kungodutsa m'bowo limene laboledwa kale. Zodziwika kwambiri ndi za John James za ku England, koma mukazisowa tengani singano wamba zazikulu mukhule nsonga pa mwala mpaka zisiye kubaya chala. Ulusi ukhale wa polyester kapena nayiloni. Wa osoka nsapato umagwira ntchito bwino mukaudutsitsa pa phula katatu. Wa makina a telala ayi, umaduka komanso umacheka chikopa.

Chinanso ndi chopanira, choti chigwire chikopa manja anu onse awiri ali pa singano. Kalipentala aliyense ku Mchesi akupangirani ndi matabwa otsala: awiri a masentimita 40 m'litali ndi 6 m'lifupi oimirira moyang'anizana, kachipika pakati pake pansi, ndi thabwa lina logona loti muzilikhalira. Pakati muike bawuti yomangitsa, apo ayi mukulunge mphira wa chubu cha njinga. Kukamwa kwake mumatemo zidutswa za chikopa kuti thabwa lisadinde ntchito yanu. Kupana chikopa ndi mawondo kumatheka, koma msana udzakuuzani.

3. Patani ndi kudula

Khadi la kubanki ndi chiphaso cha unzika chimene a NRB anayamba kupereka mu kalembera wa 2017 n'zofanana kukula: mamilimita 85.6 ndi 54. Pa katoni yolimba jambulani zidutswa zitatu. Chapakati chikhale mamilimita 100 ndi 70, matumba awiri akhale 100 ndi 52 lililonse, limodzi kutsogolo lina kumbuyo. Mamilimita 100 amenewo si ambiri ayi. Msoko udya pafupifupi 4 mbali iliyonse, otsalawo ndi malo oti makadi awiri kapena atatu alowe osakakamiza. Ambiri amayeza khadi lokha n'kuiwala msoko, mapeto ake khadi limakana kulowa.

Ikani katoniyo pa chikopa muzungulize ndi nsonga ya kampasi. Bolopeni isayandikire, inki yake situluka. Podula imirirani, kanikizani rula ndi dzanja lonse zala zili kutali ndi m'mphepete, ndipo mpeni uime chilili osapendekera. Musafune kudula kamodzi n'kamodzi. Dutsani kawiri kapena katatu mopepuka mumzere womwewo. Lezala likayamba kukoka chikopa m'malo mochidula, thyolani pomwepo, musaumire. Sizasi imapotoza m'mphepete, isiyeni.

Pakamwa pa matumba awiri aja, mbali ya pamwamba imene sisokedwa, salazanitu panopa monga ndafotokozera pa nambala 8. Mukamata simudzapafikiranso.

4. Kumata

Guluu sagwira chikwama, amangogwirizira zidutswa kuti zisasunthe poboola. Pakani kamzere kopyapyala ka mamilimita 4 kapena 5 m'mphepete mokha, mbali ziwiri ndi pansi, pa zidutswa zonse zimene zikumane. Mukapitirira mkati mwatseka malo a khadi. Pamene guluu agwere pa nkhope yosalala ya chikopa, yambani mwapakanda ndi sandipepa ya 240, apo ayi adzamatuka.

Guluu ameneyu amafuna kudikira. Mupake mbali zonse ziwiri, mumusiye mpaka asiye kukakamira ku chala, mwina mphindi 10, koma mu Okutobala amafulumira. Mukagunditsa zidutswazo zagwirana basi, palibe kusuntha, ndiye yambirani pakona imodzi mukuyang'ana m'mphepete. Kenako menyani pang'onopang'ono ndi nyundo mutayalapo kachikopa. Chitirani panja kapena pawindo, kutali ndi mbaula, chifukwa mpweya wake umayaka. Super glue ayi: amauma ngati galasi n'kuthyoka chikwama chikapindika, komanso choboolera sichidutsa bwino pamene wafika.

Zikagwirana, linganizani m'mphepete monse ndi sandipepa yokulunga pa kathabwa mpaka zidutswa zitatuzo zioneke ngati chimodzi. Mzere wa msoko uyezedwa kuchokera pamenepa, ndiye pakakhala pokhota msokonso ukhota.

5. Kunola choboolera

Apa ndi pamene malangizo ambiri amangodutsa ndi mawu amodzi akuti "boolani mabowo", chonsecho ndi pamene ntchito imakongolera kapena kuipira. Msoko wokhota kumbuyo, zala zotupa, singano yokana kutuluka mpaka kukoka ndi pulayala, zonsezi gwero lake ndi choboolera chobuntha.

Choboolera cha ntchito imeneyi si chozungulira ngati msomali, komanso si singano ya mbedza imene osoka nsapato amakowera ulusi. Ndi kampeni kakang'ono ka nkhope zinayi, kopyapyala, kakuthwa mbali ziwiri, kotambalala mamilimita awiri kapena kuposerapo pang'ono. Mukakayang'ana kunsonga kamaoneka ngati dayamondi ya pa makadi a juga. Chozungulira chimang'amba chikopa n'kusiya bowo lotseguka, pamene ichi chimacheka kampata kopendekera kamene kamatsekekanso pa ulusi mukamaliza.

Mukapeza chogula, gulani, koma dziwani kuti chotchipa chimabwera chosanola. Mukachisowa, tengani msomali wa konkire, wolimba uja, mupite nawo kwa owotcherera akausule pa gulayinda ukhale wa nkhope zinayi. Muwapemphe kuti aziuviika m'madzi pafupipafupi. Chitsulo chikasintha mtundu n'kukhala chabuluu ndiye kuti chapsa, chafewa, sichisunganso kuthwa. Chigwiriro chake ndi kamtengo kokwana m'chikhatho, ndipo chitsulo chituluke masentimita awiri kapena atatu okha. Chachitali chimagwedera.

Kunola kwake kuli motere. Matani sandipepa ya 600 ndi ya 1000 pa galasi kapena pa thailosi yosalala. Gonekani nkhope imodzi ya choboolera pa ya 600, yonse igunde pansi, ndipo muyendetse cham'mbali, kutsatira utali wa chitsulo, mosakanikiza kwambiri. Werengani maulendo amene mwayendetsa, muchite omwewo pa nkhope zina zitatu, kuti msana wa pakati usapite mbali imodzi. Kuti muone ngati mukudya malo oyenera, detsani nkhope zonse ndi maka musanayambe. Pamene inki yatsala ndi pamene sandipepa sinafike. Mukamaliza pitani pa ya 1000 muchite chimodzimodzi.

Kenako kupukuta, kumene ambiri amakuona ngati kukongoletsa chabe. Matani chidutswa cha chikopa pa thabwa, kumbuyo kwake kuli pamwamba, mupakepo mankhwala opukutira zitsulo. Kokani choboolera chobwerera m'mbuyo, nsonga ikutsatira, nkhope iliyonse mpaka iwale moti mizere ya sandipepa isaonekenso. Chimene chimagwira choboolera m'chikopa nthawi zambiri si nsonga, ndi kukhakhala kwa m'mbali mwake. Chopukutidwa bwino chimadutsa zidutswa zitatu zija ndi mphamvu ya chikhatho chokha, mwakachetechete, n'kutulukanso chosakoka chikopa. Ngati mukuchita kuluma mano kapena kupotokola dzanja kuti chilowe, bwererani pa sandipepa. Musapitirire. Ola limene muthere apa lidzabwezedwa pa chikwama choyamba chomwe.

Thabwa lopukutiralo lizikhala pambali panu nthawi zonse. Mukaboola mabowo angapo, kokanipo kawiri katatu, komanso muzibaya nsonga mu phula.

6. Kulemba mzere ndi kuboola

Tsegulani kampasi mamilimita 3.5, mwendo umodzi utsamire m'mphepete, winawo ukande kamzere kosazama mbali ziwiri ndi pansi. Tembenuzani mulembenso kumbuyo. Mzere wa kumbuyowu ndiye woweruza wanu: bowo lililonse liyenera kutulukira pa iwo.

Tsopano madontho a mabowo, otalikirana mamilimita 3.5 kapena 4. Kampasi yomweyo ingayende pa mzere, kapena foloko yaing'ono ya mano oyandikana imene mwaiwongola ndi nyundo. Yambani ndi madontho a m'makona awiri a pansi, ndi a pamwamba pamene thumba lathera: limodzi ligwe pamwamba pang'ono pa mlomo wa thumba, pa chidutswa chapakati chokha, lotsatira ligwe pa thumbalo, kuti ulusi udzalumphe mlomowo n'kuugwira. Mukatero dzazani pakati. Mukaona kuti madontho sakukwanirana pofika pakona, gawani kusiyanako pa madontho anayi kapena asanu omaliza. Diso siliona zimenezo, koma sitichi imodzi yaifupi pakona limaiona msanga.

Panani chikwama mu chopanira, mzere utuluke pamwamba sentimita imodzi yokha. Chikatuluka kwambiri chimapindika pobaya ndipo bowo limapita kwina. Nkhope ya chikwama iyang'ane kudzanja limene mumagwirira choboolera.

Pali zinthu ziwiri zoti zisasinthe kuyambira bowo loyamba mpaka lomaliza. Choyamba ndi kupendekera kwa mpeni wa choboolera. Kampata kamene kakuchekedwa kasagone motsatira mzere, chifukwa mipata ikalumikizana chikopa chidzang'ambika ngati pepala la risiti. Kasaimenso mopingasa. Kapendekere pakati pa ziwirizi, madigiri 45, mbali imodzimodzi nthawi zonse. Njira yosavuta ndiyo kusema kamalo kafulati pa chigwiriro pamene chala chachikulu chizikhala, ndiye dzanja likagwira, mpeni wakhala kale momwe uyenera kukhalira.

Chachiwiri ndi kulunjika. Choboolera chilowe mowongoka, osaloza m'mwamba, pansi, kwa inu kapena kutsogolo. Kutsogolo kwa chikwama mabowo amaoneka bwino nthawi zonse chifukwa mukubaya pa dontho. Bodza limaonekera kumbuyo. Pa chikopa chokhuthala mamilimita 3.6, kupendeka pang'ono kwa dzanja kumasunthitsa potulukira moti diso limaona. Chigongono chikhale chogunda m'nthiti, ndipo mphamvu ichokere m'phewa, osati pa mfundo ya dzanja. Bayani pang'onopang'ono mpaka nsonga ingotukula chikopa kumbuyo, suzumirani. Ngati ikutulukira pa mzere, pitirizani. Ngati ili pambali, bwezani pang'ono muwongole isanaboole. Kumbuyoko tsamiritsani chitsekerero cha botolo la vinyo kapena chibuma cha phula, osati chala. Choboolera chonoledwa monga tanenera sichisiyanitsa chikopa cha ng'ombe ndi chanu.

Kuzama kukhalenso kofanana, chifukwa mpeniwo umakula chakumtunda: mukalowetsa kwambiri bowo limakula, mukalowetsa pang'ono singano imakana. Kulungani kaselotepi pa chitsulo pamene muziimira.

Musanagwire chikwama chenichenicho, matani zotsala zitatu muboole mizere ingapo, mukuyang'ana kumbuyo kokha. Mzere wa kumbuyo ukayamba kufanana ndi wa kutsogolo, mwakonzeka.

Ena adzagula mafoloko achitsulo okhomera, a mano awiri, anayi kapena asanu ndi limodzi. Amafulumizitsa ntchito, sindikana. Khomerani pa thabwa lapulasitiki mutayala kachikopa pansi, ndi chibonga chamtengo osati nyundo yachitsulo, ndipo dzino loyamba lizilowa m'bowo lomaliza kuti mtunda usasinthe. Koma vuto la kulunjika lilipobe, ndipo foloko ikapendeka imalakwitsa mabowo asanu ndi limodzi nthawi imodzi. Pozula kanikizani chikopa ndi kathabwa pafupi ndi mano, osagwedeza, mano amathyoka.

7. Msoko wa singano ziwiri

Makina komanso singano ya mbedza zimasoka mokowetsa ulusi wa pamwamba ndi wa pansi pakati pa bowo. Ulusi umodzi ukaduka, msoko umayamba kumasuka motsatizana. Msoko wa singano ziwiri, umene osoka zishalo za akavalo akhala akugwiritsa ntchito kuyambira kale, ndi wina: ulusi ndi umodzi, singano kunsonga zonse ziwiri, ndipo iliyonse imadutsa bowo lililonse n'kusinthana mbali. Sitichi imodzi ikaperepeseka, inzake ya m'bowo lomwelo imagwirabe.

Ulusi ukhale wotalika kanayi kuposa msoko, muwonjezereko wogwira. Pa kachikwama aka mita imodzi ikwana. Lowetsani ulusi pa diso la singano masentimita asanu, kenako bayani singanoyo pakati pa ulusi wautaliwo kawiri, mukokere pansi mpaka udutse pa diso. Wadzimanga wokha popanda mfundo. Chitani chimodzimodzi mbali inayo.

Yambirani bowo la kutali, muzisoka chobwera kwa inu. Dutsitsani singano imodzi mulinganize ulusi mbali zonse. Pa bowo lotsatira lowetsani singano ya kumanzere, muilandire ndi dzanja lamanja, mukoke ulusi pang'ono. Ulusi umenewo ukokereni kumapeto amodzi a kampata kaja kuti mutsegule malo, ndipo singano ya kumanja ilowe kumapeto enawo. Isanatuluke yonse, kokani ulusi woyamba uja chobwerera pang'ono. Ukayenda momasuka zili bwino. Singano ikayenda nawo ndiye kuti mwaubaya pakati, tulutsani mulowetsenso, chifukwa mukapitiriza ulusi umangana ndipo sitichi imeneyo simangika. Kenako kokani mbali zonse ziwiri nthawi imodzi, mphamvu yofanana, mpaka ulusi ugone pa chikopa. Chikopa chikayamba kuchita makwinya mwakoka kwambiri.

Funso limene limatsatira ndi lakuti singano yachiwiri ilowe pamwamba kapena pansi pa ulusi woyamba. Zimatengera mbali imene mabowo anu apendekera ndi dzanja limene mumagwiritsa ntchito. Pa chotsala chija sokani masitichi khumi ikulowa pamwamba, ena khumi ikulowa pansi. Njira imodzi ipereka masitichi opendekera bwino ogona motsatizana, inayo ipereka ogona fulati kapena osokonekera. Sankhani yokongolayo ndipo musaisinthenso: singano yoyamba ikhale ya dzanja lomwelo, yachiwiri ilowe malo omwewo, bowo lililonse. Mukaona sitichi imodzi yatembenuka pakati pa zinzake, ndi pamene munasinthanitsa, mwina foni italira. Masulani mubwerere pomwepo, sikuchedwa.

Poyambira ndi pomalizira, pa milomo ya matumba, ndi pamene chikwama chimakokedwa tsiku lililonse. Pamenepo dutsani kawiri. Pomaliza bwererani m'mbuyo mabowo awiri kapena atatu, nsonga zonse zitulukire mbali imodzi, dulani kusiya mamilimita awiri, muyandikize moto wa laitala mpaka ulusi usungunuke, n'kukanikiza ndi chitsulo cha laitalayo. Moto ungofika pa ulusi, usanyambite chikopa. Ulusi wa thonje susungunuka. Umenewo dulani pafupi mubayirepo kadontho ka guluu woyera wa matabwa. Mukatero gonekani chikwama pa thabwa mumenye msoko wonse mopepuka ndi nyundo ya nkhope yosalala kuti mipata itsekeke.

8. M'mphepete

Khulani ndi 240 mpaka guluu asaonekenso, kenako 400, kenako 600, mukuyendetsa mbali imodzi. Ngodya zakuthwa za m'mbali zidyeni pang'ono ndi sandipepa kuti m'mphepete mukhale mozungulira. Nyowetsani ndi chala, madzi ochepa kwambiri, mukhule mofulumira ndi kansalu ka jinzi mpaka mumve kutentha ndi kakulira kotetera. Chimene chimawalitsa ndi kutenthako, osati kukanikiza. Mukakanikiza kwambiri m'mphepete mumafutukuka. Pakanipo phula mukhulenso. Amene angapeze Tokonole, mankhwala a ku Japan osalazira m'mphepete mwa chikopa, agwiritse ntchito m'malo mwa madzi, koma madzi ndi phula zimakwana.

Izi ndi za chikopa cha makungwa. Cha chrome chimafuna penti wa m'mphepete, wopaka kawiri kapena katatu mukukhula ndi 600 pakati pake, apo ayi chisiyeni chodulidwa bwino basi.

Chenjezo limodzi pa chikopa cha makungwa chikanyowa: chisagundane ndi chitsulo. Rula, kilipi ya mapepala, ngakhale fumbi la chitsulo lotsala m'manja mutanola choboolera, zimasiya madontho akuda amene sachoka ndi madzi, chifukwa mankhwala a m'makungwa aja amadetsedwa ndi chitsulo. Mukanola, sambani m'manja musanagwire chikopa.

9. Kupaka ndi kusunga

Polishi wa nsapato wopanda mtundu, wopaka mopyapyala n'kupukuta ndi nsalu, akwana pa kachikwama aka. Mafuta ophikira ayi, amadzanunkha pakapita nthawi, ndipo oyilo wa galimoto amawononga chikopa. Cha makungwa chimadera chokha ndi dzuwa komanso thukuta la m'manja, ndiye musadabwe chikasintha mtundu pakatha miyezi ingapo. Masiku oyamba makadi adzalowa mothina. Ikani awiri thumba lililonse muchisiye usiku, chidzatenga mpangidwe wake. Mukachizoloweza makadi asanu sichibwereranso, awiri azidzagwa.

Chikopa chotsala chikulungeni nkhope ili mkati, osachipinda, muchisunge pamwamba kutali ndi simenti ndi dzuwa la pawindo. Kuyambira Disembala mpaka Malichi muzichitulutsa kawirikawiri chipitidwe mphepo pamthunzi, chifukwa m'jumbo yotseka chimachita chuku msanga. Chuku chikagwira, pukutani ndi nsalu yonyowetsa pang'ono m'madzi osakaniza ndi viniga, muyanike pamthunzi. Choboolera ndi singano nazonso zimachita dzimbiri nyengo imeneyi. Zipakeni phula, ndipo nsonga ya choboolera muziibaya m'chitsekerero chija mukamaliza ntchito.